Bere anachotsa kale, lero mutu sukuleka: nditenge madzi a kumsana?

Clinical officer, Chadiza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mayi amene anachotsedwa bere lakumanzere zaka ziwiri zapitazo chifukwa cha khansa, chemo (mankhwala opha maselo a khansa) anamaliza. Tsopano mutu ukumawapweteka kwambiri m'mamawa, akusanza, ndipo dzanja lamanja likumagwetsa kapu. Thupi silikutentha, khosi silinaume, malungo alibe, HIV alibenso. Pachipsera pali bwinobwino, m'khwapa mulibe mwanabere. Ndimaganiza zotenga madzi a kumsana. Vuto lina ndi amuna awo. Akuti chotupa chija chinali cholimba gwa ndipo madokotala anachitaya, nanga lero cholimbacho chili pati kuti tizitchulanso khansa? Ndiwayankhe bwanji?

Namwino wamkulu, Katete:
Achimwene, singanoyo iyambe yadikira. Mutu wam'mawa, kusanza, mbali imodzi kufooka, ndiye kuti m'chigaza muli chinthu chimene chikupanikiza ubongo. Mukatulutsa madzi kumunsi ubongo ukhoza kutsetserekera pansi n'kupana malo oyendetsa mpweya, mayiyo n'kutisiya pabedi pomwepo. Ajambulidwe mutu kaye.

Clinical officer, Petauke:
Ndikugwirizana ndi asisi. Koma tisathamangire khansa yokha. Kuno kwathu nkhumba zili khomo ndi khomo, ndipo mazira a nyongolotsi yake akalowa m'mimba amaswa tiana timene tikafika mu ubongo timabweretsa mutu ndi khunyu. TB nayonso imapanga chotupa m'mutu.

Dokotala, Chipata:
Zoona, ndipo zonsezo CT (makina ojambula m'kati mwa mutu) ndiyo itithandize kusiyanitsa, osati singano. Komabe kwa mayi amene anadwalapo khansa ya bere, ine ndiika khansa patsogolo. Ya m'mapapo, ya bere ndi melanoma (khansa ina ya pakhungu) ndi zimene zimakonda kufika ku ubongo, ndipo pa za bere, mitundu yotchedwa HER2-positive ndi triple-negative imaposa inzake. Funso la bambowo ndi labwino, musalinyoze. Aphunzitsi, inu mumaidziwa bwino nkhaniyi.

Mphunzitsi wa anamwino, Chipata:
Bambowo aona chinthu chenicheni. Chotupa cha khansa chimalimba chifukwa maselo ozungulira khansayo amaunjika collagen wambiri (puloteni ya ulusi yolimbitsa mnofu), ndipo puloteni ina yotchedwa LOX imamanga ulusi wakewo kuti ugwirane. Kale tinkaphunzitsa kuti kulimbako ndi chizindikiro chabe. Gulu la Valerie Weaver ku America linaonetsa mu 2005, n'kuwonjezera mu 2009, kuti kulimbako kumasonkhezeranso matendawo. Selo limagwira pamene lakhala pogwiritsa ntchito ma integrin, omwe ali ngati timanja take, n'kukoka. Pamalo pofewa pamalolera, selo limakhala phee. Pamalo polimba pamakana, selo limakoka mwamphamvu, ndipo mapuloteni a YAP ndi TAZ amalowa mu nyukiliyasi (pakatikati pa selo) kukadzutsa majini ogawanitsa selo ndi oliyendetsa. Zoti YAP ndi TAZ amamva kulimba kwa malo zinatulukira ku Padua, Italy, mu 2011. Ulusi wa collagen ukawongoka umasandukanso njira yoti maselo adutsemo mpaka kukafika pa mtsempha wa magazi.

Ndiye yankho loyamba kwa bambowo ndi ili: pamene chotupa chinkalimba, maselo ena anali atatuluka kale. Mpeni unachotsa chooneka.

Tsono ubongo ndi dziko lina. Amene munaswapo mutu wa mbuzi mukudziwa mmene bongo umaphwanyikira pakati pa zala. Collagen wa ulusi mulibe wambiri, mwadzaza hyaluronic acid wosunga madzi, ndipo kulimba kwake kumayezedwa pafupifupi kilopascal imodzi (muyezo wa kulimba kwa chinthu) kapena kucheperapo. Selo lozolowera kukoka pamalo olimba likafika mmenemo limasowa pogwira. Ambiri amafa. Otsalawo amakakamira kunja kwa timitsempha ta magazi, pakuti pamenepo pali kachikopa kolimbirapo, n'kumatambasuka motsatira mtsempha. Ena amagona, osagawana, miyezi kapena zaka. M'malabotale aonanso kuti maselo a khansa ya bere akaikidwa pa jeli yofewa amaunjikana n'kukhala duu, koma pa jeli yolimbirapo amayamba kuchulukana. Selo logona chemo siiligwira bwino, chifukwa chemo imasaka maselo amene akugawana, kuwonjezera apo mankhwala ambiri amatsekerezedwa ndi mpanda wa pakati pa magazi ndi ubongo.

Namwino, Lundazi:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye tinganene kuti chotupa chofewa cha m'bere sichoopsa? Amayi ambiri amafunsa zimenezi ku sikelo.

Mphunzitsi wa anamwino, Chipata:
Ayi mwanangu, chonde musawauze choncho. Pali khansa zofewa, palinso zotupa zolimba zosakhala khansa. Zala zathu sizingapime zimene zimapimidwa mu labotale. Chotupa chilichonse chipite ku ultrasound ndi biopsy (kutapa kachidutswa kuti kakapimidwe).

Dokotala, Chipata:
Tibwerere kwa mayi wathu. Achimwene a ku Chadiza, chitani izi lero. Yezani shuga ndi BP, onani ngati mboni za maso zikufanana, lembani mphamvu ya dzanja ndi mwendo mbali zonse kuti ife tikhale ndi poyerekeza. Agone mutu utakwezeka. Mundiimbire tigwirizane za dexamethasone, imaphwetsa kutupa kozungulira chotupa ndipo nthawi zambiri mutu ndi kusanza zimachepa msanga. Koma achibale muwauziretu kuti kupeza bwinoko si kuchira, chifukwa ambiri akaona wodwala wayamba kudya amapempha kubwerera kumudzi. M'ambulansi mukhale diazepam, khunyu likhoza kuwagwira panjira. M'kalata mulembe tsiku la opaleshoni, mankhwala amene analandira, ndipo ngati pepala la histology (zotsatira za kupima chotupa chija) lilipo, libwere lenilenilo. CT ikatsimikiza, tikambirana ndi a Cancer Diseases Hospital ku Lusaka za radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza). Ulendo wa pa Great East Road ndi wautali, makilomita oposa 500, banja liyambe kukonzekera wowadikirira.

Clinical officer, Chadiza:
Ndamva, singano ndabweza. Bambo aja ndakhala nawo pansi, ndawauza kuti m'mutu chinthu sichifunika kulimba kuti chivulaze, chigaza sichitambasuka, ndiye kanthu kakang'ono ndi kutupa kwake zimakwanira kufoola dzanja. Avomera ulendo. Pepala la histology lili kunyumba m'chikwama cha makadi, mwana wawo wapita panjinga kukalitenga. A dokotala, ndikuimbirani pompano za dexamethasone.