Mango, kotapela kapena mandimu pa ploti yaing'ono muno m'Chipata?

Wofunsa, Kalongwezi:
Muli bwanji nonse pa gulu. Ndithandizeni nzeru. Ploti ndi ya mamita 20 m'lifupi, 30 m'litali, nyumba ili pakati. Kutsogolo dothi ndi lakatondo, pali mamita 7 kuchoka pakhonde kufika pampanda, koma m'mwamba mukudutsa mawaya a magetsi a ZESCO. Kuseri kuli mamita 9, ndi kotsika, mvula ikagwa madzi amaima, ndipo septic tank, dzenje lolandira zonyansa za kuchimbudzi, ili pakona komweko. Madzi ndi apampopi, olipira. Ndifuna mitengo iwiri basi. Ana akuti mango, ine mtima uli pa kotapela. Ndibzale chiyani, ndipo mbali iti?

Wa nazale, Katete:
Amai, kotapela kuseriko muiwale. Mizu yake imayenda pamwamba ndipo siipirira madzi oima: imawola, masamba amachita chikasu n'kulendewera ngati mtengo uli ndi ludzu, inu n'kumawonjezera madzi, ndiye kuumaliziratu. Yesani chonchi musanagule mbande iliyonse. Kumbani dzenje la masentimita 60 kuya, mulidzaze madzi madzulo. Mukapeza madzi akadali m'menemo mawa lake madzulo, pamenepo kotapela ndi mapapaya sizingakhale. Kutsogolo dothi ndi labwino, koma kotapela ndi mtengo wautali, udzafika m'mawaya ndipo muzidzangoudula chaka ndi chaka.

Mlimi wa zipatso, njira ya ku Chadiza:
Kuseri ikani mango womezanitsa, uja amalumikiza nthambi ya mtundu wabwino pa tsinde la mbande ina. Mango amapirira madzi a masiku ochepa kuposa kotapela, ndipo akakhazikika, chilimwe chathu cha Meyi mpaka Okutobala amadutsa osathirira, nkhani ya bilu ya madzi yatha. Ubwino wina, chilimwe chouma chimenechi n'chimene mango amafuna kuti achite maluwa bwino. Mubzale pakona ina, kutali ndi septic tank, osachepera mamita 8 chifukwa mizu imalondola chinyezi n'kukatseka mapaipi. Kuchoka kukhoma la nyumba siyani mamita 5 kapena 6. Popeza n'kotsika, musabzale m'dzenje lolowa. Unjikani dothi likwere masentimita 30 mpaka 40, mbandeyo ikhale pamwamba pa mulu.
Za mtundu: mango athu akumudzi amapsa Novembala ndi Disembala, nthawi imene msika wa Kapata wadzaza kale mango ndipo aliyense ali nawo. Kent ndi Keitt amapsa mochedwa, alibe ulusi wambiri. Womezanitsa amayamba kubala pa zaka 3 kapena 4, wa njere mudikira 5 mpaka 8 ndipo umakula kukhala chimtengo choposa malo muli nawowo.

Wina wa ku Petauke:
Atate, Keitt ndi wabwino koma muwauzenso vuto lake. Kupsa mochedwa ndiye kuti chipatso chikhala mumtengo mvula yonse ya Januwale ndi Febuluwale. Ntchentche za zipatso zimakhala zitachulukana kale m'mango akumudzi ogwa pansi, zikatero zimasamukira kwa inu. Kunja liwoneka labwino, mukalidula mkati mphutsi. Palinso madontho akuda obwera ndi chinyezi. Amene alibe nthawi yosamalira atenge Tommy Atkins, amapsa msanga ndipo khungu lake ndi lolimba, ngakhale kukoma kwake safika pa Kent. Mtundu uliwonse, tolani zogwa tsiku ndi tsiku, muzimange m'pepala lapulasitiki lakuda, liikeni padzuwa kwa sabata, kapena muzikwirire theka la mita. Kuzitaya kudzala ndi kuweta ntchentche.

Wofunsa, Kalongwezi:
Zikomo kwambiri atate. Nanga kutsogolo? Komanso ndili ndi kotapela womera m'chitini, njere yake inachokera ku chipatso chachikulu chokoma kwambiri. Ndiutaye?

Wa nazale, Katete:
Njere ya kotapela siitengera mtengo umene inachokera. Mungadikire zaka 7 mpaka 10 n'kupeza zipatso zamadzi kapena zaulusi. Mbandeyo musataye, mupatseni wodziwa kumezanitsa alumikizepo nthambi ya Hass kapena Fuerte, mukaibzale kumunda kumene kuli malo.
Kutsogolo ikani mandimu kapena malalanje omezanitsa, pakati penipeni, mamita 3 ndi theka kuchoka pakhonde. Mtengo wake sulimbana ndi mawaya, mukamaudulira umathera pa mamita 3 kapena 4. Pa awiriwo ine ndinganene mandimu: salira zambiri, ndipo akamathiriridwa amabala kangapo pachaka. Malalanje akasowa madzi mu Seputembala ndi Okutobala amayoyola maluwa ndi tizipatso.

Mphunzitsi wa zaulimi, Lundazi:
Ndiwonjezere kabzalidwe, chifukwa mbande zambiri zimafera pamenepa. Pamalo posaima madzi, dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse. Dothi lapamwamba padera, lapansi padera. Lapamwambalo sakanizani ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za malita 20 za manyowa owola bwino, mubwezere m'dzenje milungu iwiri musanabzale. Manyowa a nkhuku aawisi amatentha mizu. Bzalani mu Disembala mvula itakhazikika, chakumadzulo. Chotsani pulasitiki yonse, ndipo mizu imene yazungulira pansi pa chubu muidule.
Yang'anitsitsani pamene analumikiza, pamakhala kachipsera kotupa pang'ono. Pamenepo pakhale pamwamba pa dothi, osachepera chikhatho chimodzi. Mukakwirira, pamawola. Mphukira iliyonse yotulukira pansi pa chipseracho ithotholeni ikadali yanthete, chifukwa ndi ya tsinde lakumudzi ndipo ili ndi mphamvu kuposa ya pamwamba. Anthu ambiri amene amati anagulitsidwa lalanje koma likubala mandimu okhakhala, nkhani yake ndi imeneyi: tsinde linapambana.
Chilimwe choyamba ndi chachiwiri, malita 20 kawiri pa sabata pa mtengo uliwonse. Phimbirani udzu wouma mozungulira koma usakhudze thunthu, siyani mpata wa chikhatho, apo ayi mwaitana chiswe. Mango akafika mita imodzi dulani nsonga kuti atulutse nthambi, musiye zitatu kapena zinayi zoyang'ana mbali zosiyana. Maluwa a zaka ziwiri zoyamba achotseni.

Wina wa ku Petauke:
Kamodzi kokha pa madzi: ochapira a sopo waufa musathire pa mandimu, ali ndi mchere ndipo nsonga za masamba zimapsa. Otsukira mpunga ndi ndiwo alibe vuto. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pathunthu, tembenuzani masamba anthete, mupeza nsabwe, ndizo zimabweretsa mwaye wakuda uja pamasamba.

Mlimi wa zipatso, njira ya ku Chadiza:
Pogula musathamangire mbande yaikulu. Yokhalitsa m'chubu mizu yake inapindika kale. Tengani yofika m'bondo kapena kupitirira pang'ono, masamba athanzi opanda mawanga, polumikiza patapola, ndipo mufunse dzina la mtundu wake. Wogulitsa akangoti "ndi hybrid" osatchula dzina, pitani pena.