Chimbale chikuoneka pa kompyuta koma DVD puleya ikuchikana

Wofunsa:
Abale, thandizeni. Ndabena kanema wa MP4 wa maola awiri pa chimbale cha DVD. Pa kompyuta akuoneka bwinobwino, koma puleya ikungozunguza chimbalecho kenako n'kukana. Pa flashi nawonso, TV ikuonetsa chithunzi popanda mawu. Ndalakwitsa pati?

Wamakina:
Achimwene, chimbale chanucho n'chongosungira mafayilo, si DVD ya kanema ayi. Mapuleya ambiri amafunafuna foda yotchedwa VIDEO_TS, yokhala ndi mafayilo a VOB, IFO ndi BUP. Kanemayo ayenera kukhala wa MPEG-2, ndipo mawu akhale AC3 pa 48 kHz.

Ikani DVDStyler, pulogalamu yopangira DVD ya kanema, ndi yaulere. Poyamba ikufunsani PAL kapena NTSC, mitundu iwiri ya kaonetsedwe ka chithunzi pa TV. PAL ndi 720x576, zithunzi 25 pa sekondi. NTSC ndi 720x480, zithunzi 29.97. Sankhani imene TV yanu imalandira, apo ayi pa TV zakale chithunzi chimatha kutuluka chopanda mtundu kapena kumangogudubuzika. Ngati kanemayo ndi wotambalala, sankhani 16:9, kuopa kuti anthu angaoneke owonda ndi otalika ngati nsungwi.

Samalani kwambiri ndi malo. Chimbale cholembedwa 4.7 GB kompyuta imachiona ngati 4.38. Kuti maola awiri akwanemo, bitrate (kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse) ya chithunzi ikhale cha m'ma 4,500 kbps, mawu 192 kbps. Mukadutsa maola awiri ndi theka, chithunzi chimayamba kusweka timabokosi pamene zinthu zikuthamanga. Zikatero bola chimbale cha 8.5 GB.

Fundi_wa_TV:
Ndionjezepo pa kubenako. Musalole kuti pulogalamu ithamange pa 16x. Ikani 4x kapena 8x, chifukwa diso la puleya yakale limavutika kuwerenga chimbale chobenedwa mothamanga. Onetsetsaninso kuti chatsekedwa pomaliza, zimene amati finalize. Chosatsekedwa chimawerengeka pa kompyuta pokha. Ine ndimakonda kupanga kaye ISO (fayilo imodzi yokhala ndi zonse zopita pa chimbale), kuiyesa mu pulogalamu yoonera kanema ya VLC, kenako kubena ndi ImgBurn. Mukatero simutaya zimbale.

Za mawu osamveka pa flashiwo: MP4 kapena MKV ndi chikwama chabe, nkhani yagona pa zimene zili m'katimo. TV zambiri siziwerenga mawu a DTS, ndipo zakale sizidziwa chithunzi cha H.265. Pititsani fayiloyo mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mtundu wa kanema, musankhe H.264 ndi mawu a AAC a stereo. Dziwaninso kuti flashi ya FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, pamene exFAT ndi NTFS si TV zonse zimene zimaziwerenga.

Wofunsa:
Zikomo akuluakulu. Nanga nditangolumikiza laputopu ku TV?

Wamakina:
Ngati cholinga n'kungoonera, njira yabwino ndi imeneyo, chifukwa DVD imatsitsa kanema wa 1080p kufika pa mizere 576 (PAL) kapena 480 (NTSC), ndipo pa TV yaikulu kusiyanako kumaoneka ndithu. Lowetsani chingwe cha HDMI, dinani Windows ndi P, musankhe Duplicate. Mawu akapitiriza kutuluka pa laputopu, dinani kachizindikiro ka sipika n'kusankha dzina la TV. M'mphepete mwa chithunzi mukadulidwa, fufuzani Just Scan kapena Screen Fit pa TV. Chingwe cha VGA chimanyamula chithunzi chokha, ndiye pamafunika china cha mawu cha 3.5 mm.