Agogo anditchera mwambi wa mkuyu chifukwa cha maluwa a ku Zomba

Abale, ndithandizeni. Mu Julayi ndinali ku Zomba, ndipo pokwera msewu wopita kuphiri ndinangoti kakasi ndi maluwa oyanga m'mipanda. Bougainvillea wofiirira ali psuu pakhoma, pambali pake golden shower wa maluwa aolenji atalendewera mpaka pageti. Ndinapempha nthambi zitatu kwa mayi wina amene ankasesa pabwalo, ndinazikulunga m'nyuzipepala yonyowa, ulendo wa ku Lilongwe. Nditafika ndinauza agogo kuti ndizula magalagadeya akuseri kwa nyumba, ndibzale zimenezi. Iwo anangoyang'ana nthambizo n'kunena kuti, "Chikomekome cha mkuyu." Basi, anapitiriza kusenda nyemba. Ankatanthauza chiyani? Ndipo ndi mkuyu kapena nkhuyu?

Wa ku Ntcheu: Achemwali, agogo anakupatsani theka. Wonse umati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkuyu ndi mtengo, nkhuyu ndi chipatso chake. Nkhuyu ikapsa imafiira bwino, koma itsekuleni muone tizilombo tili nyakanyaka m'katimo. Tili ana tinkauzira kaye tisanadye.

Wa ku Chipata: Kwathu kuno timaunena kwambiri kwa mnyamata wofunsira mkazi poona nkhope yokha. Pa maluwa ndayamba kuumva lero.

Wa ku Mulanje: Koma agogowo alasa. Bougainvillea ali ndi minga, mudzaidziwa tsiku lodulira. Ndiponso zofiirira mukuzitcha maluwazo ndi masamba chabe, duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kali pakati. Anachokera ku South America, amakonda dzuwa, ndipo mukamuthirira kwambiri amangochita masamba obiriwira osaonetsa mtundu.

Wa ku Ntcheu: Ine ndikuona ngati nkhani ndi magalagadeyawo. Munthu wamkulu sangasekere mukuzula chodyedwa kuti mubzale choyang'ana ndi maso. Mwinanso akuopa njoka, zoyanga zikathithikana pafupi ndi khomo.

Wofunsa uja: Ndawafunsa madzulo ano ndikuwapatsa tiyi. Aseka, akuti za njoka sanaganizeko, koma ndani azidzawatolera magalagadeya m'mawa? Ndiye tagwirizana kuti magalagadeya akhale. Nthambi zanga ndazizika m'matumba a shuga odzaza mchenga, zidikire mvula, zidzapite kumpanda wakumsewu. Imodzi yayamba kale kufota, enanu munatani kuti zigwire?