Thandizeni: firiji ikangoyamba, inverter imalira n'kuzima, koma batire ndi latsopano

Bambo a Tadala: Odi pa gulu, akuluakulu. Ndili ndi kagolosale kuno ku Mitundu, ndipo mwezi watha ndinagula sola kuti ndizigulitsa thobwa ndi zakumwa zozizira, poti dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Ndinagula panelo ya 200W, batire la 12V 100Ah ndi inverter (kabokosi kosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) yolembedwa 1000W. Firiji ndi yaing'ono, kumbuyo kwake analemba 120W. Mababu ndi TV zikuyaka bwinobwino. Koma firiji ikangoti gwii kuti iyambe, inverter imalira tii tii, kenako zonse thi! Masana dzuwa lili paliwombo nthawi zina imalola, madzulo ayi ndithu.

Batire ndinaliika m'chipinda chakuseri kuopa ana ndi amanja lende, inverter ili pa shelefu m'golosale, mtunda wa mamita atatu. Mnyamata amene anandilumikizira anagwiritsa ntchito waya wa 2.5mm, wotsala pamene ankaika masoketi kwa achimwene anga. Dzulo nditaugwira ndinamva kufunda. Nanga 1000W ingalephere bwanji 120W? Kapena anandigulitsa batire lakutha?

Mayi a Chisomo: Batire limenelo akupusitsani bambo. Ifenso zinatichitikirapo, kunja kowala m'kati mulibe kanthu. Kabwezeni msanga lisiti lisanasowe.

Wamagetsi wa ku Ndirande: Dikirani kaye amayi, tingamunamizire wogulitsa. Bambo a Tadala, yankho mwalinena nokha: waya akufunda. Wakuba wanu ndi ameneyo.

120W ija ndi ya firiji ikakhala kuti yayamba kale kuyenda. Kompresa, injini ya firijiyo, pamene ikudzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa pamenepo kwa kamphindi kochepa. Tingoyerekeza 600W. Ma watt timawapeza pochulukitsa ma volt ndi ma amp, ndiye 600W pa 12V ndi 50A. Koma 600W yomweyo pa 230V ya m'nyumba ndi 2.6A basi. N'chifukwa chake waya wa 2.5mm amagwira bwino pa soketi kwa achimwene anu, koma pakati pa batire ndi inverter ali ngati kuthirira dimba lonse ndi kapaipi kamodzi kakang'ono.

Tiwerengere. Waya wa kopa wa 2.5mm² ali ndi pafupifupi 0.007 ohm pa mita iliyonse (ohm ndi muyeso wa mmene waya amatchingira magetsi). Mamita atatu kupita, atatu kubwera, ndi 6, ndiye 0.042 ohm. Chulukitsani ndi 50A, mupeza kuti 2.1V ikuthera m'njira. Batire likakhala pa 12.4V madzulo, ku inverter kukufika 10.3V, osawerengera kuti batire lokha limatsikako likakokedwa mwamphamvu. Ma inverter ambiri a 12V amayamba kulira cha pa 10.5V n'kudzizimitsa, poganiza kuti batire latha. Masana panelo imakweza batire kupitirira 13V, n'chifukwa chake nthawi zina imakulolani.

Bambo a Tadala: Ha! Ndiye kuti 2V yonseyo ikupita kuti, achimwene?

Wamagetsi wa ku Ndirande: Ikusanduka kutentha mwakumva kuja. Pa 50A waya wanuyo akutaya 105W, pafupifupi firiji ina yathunthu. Ndipo musautenge mopepuka, pulasitiki ikasungunuka mawaya awiriwo n'kugundana, batire lotere limatulutsa ma amp mazanamazana nthawi imodzi. Golosale ikhoza kupsa inu muli mtulo.

Chitani izi. Inverter isamukire kuchipinda komwe kuli batire, mtunda usapitirire mita imodzi. Gulani waya wa 25mm², uja wokhuthala ngati wowotcherera zitsulo, wa kopa weniweni. Ena pamsika ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, mukaupala ndi mpeni umaoneka woyera m'kati ndipo ndi wopepuka m'manja. Kumapeto kwake afinyireko ma lug (tizitsulo ta bowo tolumikizira waya) n'kumanga ndi sipanala, osangopota pamutu pa batire. Muikenso fyuzi ya 100A pafupi ndi mutu wa + wa batire. Ndi waya ameneyo mutaya 0.07V yokha m'malo mwa 2.1V. Waya wa 2.5mm uja musamutaye, ndi amene achoke pa inverter kupita ku firiji, mbali ya 230V. Kumeneko ngakhale mamita khumi palibe vuto. Chipindacho chizipita mphepo, mabatire amadzi amatulutsa mpweya woyaka akamatchajidwa.

Mphunzitsi wa Physics, Zomba: Ndikuvomereza zonse. Koma bambo, waya akakonzedwa mukumana ndi phiri lina. Batire la 100Ah pa 12V limasunga 1200Wh (Wh ndi ma watt kuchulukitsa ndi maola), ndipo la lead acid, monga mabatire amadzi aja, simuyenera kulikama kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse. Mwatsala ndi 600Wh. Firiji ya 120W itayenda maola asanu okha usiku wonse, 600Wh yatha, TV simunawerengere. Panelo ya 200W pa maola asanu a dzuwa lamphamvu ndi 1000Wh papepala, koma zenizeni zimachepa chifukwa cha fumbi, kutentha ndi zotayika m'njira. Firiji yomweyo ikudyanso masana. Ndiye batire lizigona ndi njala tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha miyezi ingapo Mayi a Chisomo adzaoneka ngati ananena zoona. Onjezerani panelo ina, firiji muziiziziritsa kwambiri masana, muikemo mabotolo amadzi oundana, usiku muzimitse.

Bwerekani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Batire litapuma maola angapo popanda cholumikiza, 12.7V ndiye kuti ladzaza, 12.1V ndi theka. Kenako wina ayatse firiji inu mukuyeza pamitu ya batire, muyezenso polowera ku inverter. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye zomwe waya akudya.

Mayi a Chisomo: Ndiye kuti lathu lija tinalipha tokha? Tinalumikizapo ayironi.

Bambo a Tadala: Zikomo nonse. Ndayeza ndi multimeter ya mnzanga wokonza mawailesi: pa batire 12.1V firiji ikamayamba, pa inverter 10.2V. Mawa ndikwera minibasi kukafuna wayayo m'tauni. Kafunso kena: pa inverter pali mawu akuti modified sine wave, ndipo firiji ikalola kuyenda imang'ung'uza mosiyana ndi mmene inkamvekera pa magetsi a ESCOM. Kodi zimenezi ziwononga kompresa, kapena ndizingopirira kaye mpaka thobwa abweze ndalama?