E. coli wanga wasiya kumata yisiti nditachotsa livK

Nabanda:
Anzanga, ndithandizeni nzeru, sabata yachitatu ino ndikungozungulira pamodzimodzi. Ndikufufuza E. coli wochokera mu mkodzo wa odwala chikhodzodzo, ndipo ndikufuna kudziwa ngati kalowedwe ka amino acid wotchedwa leucine m'selo kamakhudza mphamvu ya bakiteriyayu yomata pakhoma la chikhodzodzo. Ndinachotsa jini ya livK, ija imapanga puloteni yogwira leucine pakati pa zikopa ziwiri za selo n'kumupereka pakhomo lolowera m'selo lotchedwa LivHMGF. Ndinagwiritsa ntchito lambda Red, njira yochotsera jini ya Datsenko ndi Wanner ya 2000. Kale ndikasakaniza dontho la bakiteriya ndi dontho la yisiti ya buledi pagalasi, zinkaundana ngati chambiko pasanathe mphindi ziwiri. Pano zikungokhala mbee ngati mkaka wa lero. Ndalemba kale mu buku langa kuti FimH, puloteni imene bakiteriyayu amamatira nayo ku yisiti ndi kuchikhodzodzo, wazima chifukwa chochotsa livK. Kodi nditumize zimenezi kwa akuluakulu anga?

A Gama:
Musafulumire achemwali. Bakiteriya wa makolo, wosachotsedwa kanthu, munamuyesa tsiku lomwelo pagalasi lomwelo? Nanga mukumulera bwanji, mu msuzi wongokhala phee kapena pa makina ogwedeza?

Nabanda:
Wa makoloyo ndinamuyesa miyezi iwiri yapitayo, ankamata bwinobwino. Nthawi imeneyo makina ogwedeza anali owonongeka, ndiye machubu ndinkangowaimika mu incubator. Anawakonza mwezi watha, ndipo kuyambira pamenepo ndikugwedeza usiku wonse pa madigiri 37.

A Gama:
Ndiye mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, jini ndi kaleredwe. Ine ndikukayikira makinawo. FimH amakhala kunsonga kwa tiubweya ta type 1, ndipo bakiteriya samera tiubweyati nthawi zonse. Kutsogolo kwa fimA, jini ya tiubweyati, kuli kachidutswa ka DNA kotchedwa fimS, ka ma base pair 314, kamene kamatha kutembenuka. Kakayang'ana uku tiubweya timamera, kakayang'ana uko palibe. Puloteni ya FimB imakatembenuzira mbali zonse ziwiri, pomwe inzake ya FimE imakonda kuzimitsa. Mu chubu chimodzi mumakhala ena oyaka ena ozima.

Chubu chikangokhala phee, mpweya umachepa pansi. Amene ali ndi tiubweya amagwirana pamwamba pa msuzi n'kupanga kachikopa kopyapyala, amapeza mpweya, n'kuchulukana kuposa anzawo. Old ndi Duguid anazionetsa zimenezi mu 1970. Mukagwedeza, aliyense amapeza mpweya mofanana ndipo mwayi uja umatha. Pa agar nawonso ozima ndi amene amachuluka. Kodi pamachubu akale aja simunkaona kamzere koyera kozungulira galasi pomwe msuzi walekezera?

Nabanda:
Ndinkakaona ndithu! Kankavuta kutsuka. Pa machubu a pano kulibe.

Mayi Mbewe:
A Gama anena zoona, koma ndisakulandeni funso lanu mwana wanga, chifukwa ndi funso labwino. Leucine ndi fimS n'zolumikizana ndithu. Kuti kachidutswako katembenuke pamafunika mapuloteni awiri ogwira DNA, IHF komanso Lrp, ndipo Lrp amamvera leucine. Zinaonetsedwa mu 1993 kuti leucine, isoleucine, valine ndi alanine zimafulumizitsa kutembenukako. Chomwe chikundivuta ndi msuzi wanu. Ngati ndi LB, msuzi wamba wolerera bakiteriya uja, livK simungamuone ntchito yake. Mu LB ma amino acid ali mbwee, ndipo leucine akachuluka Lrp yemweyo amatsitsa majini a liv. Komanso bakiteriya ali ndi khomo lina, BrnQ, ndipo puloteni ina, LivJ, nayonso imanyamula leucine kupita ku LivHMGF komweko. Mwatseka zenera limodzi nyumba ili ndi zitseko zotsegula. Yesani mu M9, msuzi wa mchere ndi shuga chabe, momwe leucine mukumuyeza nokha, ndipo ganizirani zochotsa livH kapena livM, kenako brnQ.

A Chisale:
Kuwonjezera pang'ono pa galasilo. Muziika madontho awiri, limodzi muthiremo shuga wa mannose kapena mnzake methyl mannoside. Ngati ndi FimH, la mannose lisaundane, chifukwa shugayo amakhala pamalo pomwe FimH amagwirira, monga amagwirira puloteni ya uroplakin Ia m'chikhodzodzo. Mukadzayesa ndi maselo ofiira a magazi a munthu samalani, ambiri a mu mkodzowa alinso ndi tiubweya tina totchedwa P fimbriae, ndipo PapG wa kunsonga kwake sasamala za mannose. Mulinganizenso OD, muyeso wa kuchuluka kwa bakiteriya mu msuzi, musanadonthetse. Mu M9 wochotsedwa jiniyo akhoza kukula mochedwa, inu n'kumayesa kuti sakumata pomwe ndi wochepa chabe.

A Gama:
Ndipo maso okha asakuweruzireni. Chitani PCR, njira yochulukitsira DNA, yodutsa fimS yonse, mudule ndi HinfI, puloteni yodula DNA. Malo odulawo sali pakati penipeni, choncho woyaka ndi wozima amapereka mizere yosiyana pa gel. Tsiku limodzi mwadziwa.

Nabanda:
Ndabweranso, zikomo nonse. Ndinalera onse awiri mu LB osagwedeza, maola 48, n'kuwasamutsa kawiri. Kamzere kaja kabwerera pamachubu onse. Pagalasi onse aundana, wa makolo ndi wopanda livK, ndipo dontho la mannose langokhala mbee. Ogwedezedwa onse awiri akumata mofooka kwambiri, ngakhale wa makolo yemwe. Pa gel ya HinfI ogwedezedwawo mzere wa ozima ndi umene ukuwala. Tsamba lija ndalikhwatcha. Zandiwawa, koma zikanandiwawa koposa zikanatulukira pamaso pa oyesa mayeso.

Mu M9 muli kanthu kakang'ono. Nditaika leucine wochepa, wopanda livK akuoneka ngati akuchedwa kuundana, koma ndayesa kamodzi kokha.

Mayi Mbewe:
Kamodzi musakalembe. Bwerezani katatu, kuyambira pa makoloni osiyana, chifukwa koloni iliyonse imayamba ndi mbali yake ya fimS. Mubwezeretsenso livK pa plasmid, kamkombero ka DNA kolowetsedwa m'selo, muone ngati kuchedwako kutha, ndipo kaseti ya kanamycin, ija inalowa m'malo mwa livK, muichotse ndi plasmid ya pCP20, mwina ikusokoneza livH amene ali kumbuyo kwake. Ngati pCP20 mulibe ndiuzeni, ndili naye mu firiji, ndipereka kwa amene akubwera kumeneko Lachisanu.