Ndithandizeni: mu JavaScript 40 + 35 ikundipatsa 4035

Wofunsa

Moni akuluakulu nonse pagulu pano. JavaScript ndangoiyamba kumene, ndiye mundipirire. Ndikupanga katsamba kowerengetsera malikisi a ophunzira. Pali mabokosi awiri, lina la mayeso oyamba, lina la achiwiri, ndipo zolembedwamo ndikuzitenga chonchi:

`let a = bokosi1.value;`
`let b = bokosi2.value;`

Ndikalemba 40 ndi 35, `a + b` ikutulutsa 4035 m'malo mwa 75. Avereji, `(a + b) / 2`, ikubwera 2017.5. Chondizunguza mutu n'chakuti kuchotsera kukuyenda bwinobwino, `a - b` ikupereka 5. Kuchulukitsa nakonso kulibe vuto. Nanga kuphatikiza kokhaku kwatani?

Woyankha woyamba

Achimwene, `.value` simakupatsani nambala. Imakupatsani string nthawi zonse, ngakhale bokosilo mutalipanga `type="number"`. Ndiye muli nazozo ndi "40" ndi "35", malemba chabe.

Tsono chizindikiro cha `+` mu JavaScript chili ndi ntchito ziwiri: kuphatikiza manambala ndi kulumikiza malemba. Mbali imodzi yokha ikangokhala string, chimasankha kulumikiza. N'chifukwa chake `"5" + 1` imapereka "51". Koma `-`, `*` ndi `/` zilibe ntchito ina koma masamu, ndiye zimasandutsa malemba aja kukhala manambala mwakachetechete. Avereji yanu ija yachokera pamenepo: `+` walumikiza n'kupanga "4035", kenako `/` wasandutsa n'kugawa pawiri.

Sandutsani pomwe mukutenga pomwepo, osadikira pakati pa masamu:

`let a = Number(bokosi1.value);`

Woyankha wachiwiri

Kapena ingolembani `+bokosi1.value`, n'zachidule.

Woyankha woyamba

Zimagwira, sindikukana. Koma munthu woyamba kumene asamuphunzitse zimenezo. Mawa adzalemba `+a + +b` n'kulephera kuwerenga kodi yake yomwe. `Number()` aliyense amaona chimene ikuchita.

Wofunsa

Zikomo kwambiri, 75 yatuluka. Koma pabuka china. Ndinali ndi mzere uwu woti bokosi likasiyidwa lopanda kanthu pazioneka uthenga:

`let zotsatira = a || "sanalembe";`

Poyamba unkagwira. Panopa wophunzira akapeza 0 ukumunena kuti sanalembe mayeso, chikhalirecho analemba.

Woyankha wachiwiri

Chotsani `||` muikepo `??`. Inabwera ndi ES2020, mtundu wa JavaScript wa chaka cha 2020, chifukwa cha vuto lomweli. `||` imataya chilichonse chimene JavaScript imachiona ngati chabodza: 0, string yopanda kanthu, `NaN` (kutanthauza "si nambala"), `null`, `undefined` ndi `false`. Pomwe `??` imataya `null` ndi `undefined` zokha, ndiye 0 wanu apulumuka.

Woyankha wachitatu

Bwana, za `??` mwafotokoza zoona, koma pano siiwathandiza. Tayesani `Number("")` mu console muone. Imapereka 0. Kutanthauza kuti bokosi lopanda kanthu ndi bokosi lolembedwa 0 zikumasanduka chinthu chimodzi zisanafike n'komwe pa `??`. Akatsatira malangizo anu, amene sanalembe mayeso aziwoneka ngati anapeza 0, ndipo uthenga uja sudzaonekanso. Vuto langotembenuka, komanso ili ndi loipirapo chifukwa silioneka, avereji ya kalasi imangotsika popanda wodziwa.

Kwa ofunsa: mzere wanu unkagwira poyamba chifukwa "0" wa string JavaScript imamuona ngati woona. String yabodza ndi yopanda kanthu yokha. Mutasandutsa, 0 wa nambala ndi wabodza. Choncho funsani kaye ngati m'bokosimo muli kanthu, kusandutsa kubwere pambuyo:

`let mawu = bokosi1.value.trim();`
`let zotsatira = mawu === "" ? "sanalembe" : Number(mawu);`

Muone kuti ndalemba `===`, osati `==`. `==` imayamba yasandutsa isanayerekeze, moti `0 == ""` imati true, `"0" == false` imatinso true. `===` imayerekeza mtundu ndi mtengo womwe, sisandutsa kanthu. Ine `==` ndinaisiya kalekale. Ngati mumagwiritsa ntchito ESLint, chida chofufuza zolakwika mu kodi, yatsani lamulo la eqeqeq lizikukumbutsani.

Woyankha wachiwiri

Apo mwanena zoona akulu, `Number("")` sinandibwerere m'maganizo. Komabe `??` aiphunzire, idzawathandiza pa deta yochokera ku seva komwe kusowa kwa chinthu kumabwera ngati `null`. Angodziwa kuti kuisakaniza ndi `||` mumzere umodzi popanda mabulaketi imakana ndi SyntaxError.

Wofunsa

Nanga wina akalemba zilembo, monga "40a"?

Woyankha wachitatu

`Number("40a")` ipereka `NaN`. Osayesa `x === NaN`, imati false nthawi zonse, chifukwa `NaN` safanana ngakhale ndi iye mwini. Gwiritsani ntchito `Number.isNaN(x)`. Ena akuuzani za `parseInt`, koma iyo pa "40a" ingotenga 40 n'kutaya chotsalacho osakuuzani, ndipo 37.5 iidula kukhala 37. Pa malikisi a anthu ine ndingakonde pulogalamu ikane n'kumuuza wolembayo akonze.

Wofunsa

Ndaika `Number.isNaN`, tsopano "40a" ikukanidwa, 0 akuoneka ngati 0, ndipo bokosi lopanda kanthu likuti sanalembe. Chatsala n'choletsa malikisi opitirira 100. Kodi `0 <= x <= 100` ikwanira?

Woyankha woyamba

Ayi, imeneyo ivomera ngakhale 500. Imayamba ndi `0 <= x`, yomwe imapereka true, kenako true uja amasanduka 1, ndipo 1 ndi wochepa kwa 100. Lembani `x >= 0 && x <= 100`.