Khoma la sitolo yakale ku Limbe lafufuma: kodi tipakenso simenti?

Fomani wa ntchitoyi: Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Tapatsidwa ntchito yokonza sitolo yakale ku Limbe, imodzi mwa zija za nthawi ya atsamunda, zokhala ndi khonde la nsanamira kutsogolo, malo ogulitsira pakati ndi zipinda zogona kumbuyo. Pulasitala wa simenti wa m'munsi, kuyambira pansi kulekeza m'chiuno, wafufuma ndipo ukagogoda akulira ngati ng'oma. Titagumula pang'ono tapeza njerwa zowotcha zomangidwa ndi dothi, dothilo ndi lonyowa moti likukolopoleka ndi chala, ndipo panjerwa pali ufa woyera ngati mchere. Eni nyumba akufuna tipake simenti yolimba ndi penti wa mafuta mvula isanagwe, koma mtima wanga ukukana.

Wojambula mapulani: Mtima wanuwo muumvere, bambo, chifukwa simentiyo ndiyo yadwalitsa khomalo. Nyumba za nthawi imeneyo sankaika pulasitiki yotchinga chinyezi pamaziko monga tichitira lero, choncho khoma limayamwa madzi kuchokera m'nthaka n'kuwatulutsa kudzera m'dothi ndi m'laimu. Wina atalimata simenti, madzi anasowa potulukira, nayamba kukwera ndi mchere wake. Taonani Mandala House ku Blantyre, yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, masiku a John Moir ndi mbale wake Frederick. Ndi nyumba yosanja, yomangidwa ndi njerwa ndi dothi, koma idakaimabe patatha zaka zoposa 140, ndipo pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi. Chomwe chaisunga kwambiri ndi khonde lozungulira lija, limene silinali lokometsera chabe, koma lotchinjiriza makoma kuti mvula isawakhudze. Masitolo a ku Limbe anatsata nzeru yomweyo, ngakhale ambiri masiku ano atseka makonde kuti apezepo kachipinda ka lendi.

Injiniya: Ndikuvomereza, koma musanakambe za pulasitala pezani kaye kumene madzi akuchokera. Yezani ngati nthaka ya panja yakwera kuposa pansi pa m'nyumba, popeza misewu ndi tinjira ta m'tauni zakhala zikuthiridwa pamwamba kangapo konse. Onaninso mapaipi otsitsa madzi a padenga, ngalande, komanso nsonga za mitengo ya denga zolowa m'khoma, pakuti pamene pali chinyezi chiswe sichichedwa. Pogumula musachotse khoma lonse tsiku limodzi, koma muzitenga mita imodzi, kudumpha ina, chifukwa dothi lonyowa silinyamula katundu ngati louma.

Mmisiri wachikulire: Ana anga, laimu ali ndi mwambo wake. Mugule laimu womangira, osati wothira m'munda, chifukwa wam'mundayo ndi mwala wongoperedwa ndipo sagwira. Ndinaonapo mnyamata wina atapaka chipinda chonse, m'mawa mwake n'kumasesa pulasitala ndi tsache. Laimu womangirayo muviike m'mgolo masiku angapo mpaka akhale ngati phala, musakanize gawo limodzi ndi magawo atatu a mchenga wa kumtsinje, ndipo muzipaka mopyapyala kawiri kapena katatu. Mukatero muphimbe ndi ziguduli zonyowa, popeza laimu salimba ndi changu ngati simenti, amauma pang'onopang'ono pokoka mpweya. Penti wa mafuta muiwale, mupake laimu yemweyo wosungunula.

Wojambula mapulani: Ndiwonjezere kuti ngati eni akeyo akufuna kusintha maonekedwe a kutsogolo, mapulani adutse ku khonsolo ya mzinda, ndipo mufunse ku dipatimenti ya Museums and Monuments ngati nyumbayo ili m'gulu la zotetezedwa ndi lamulo. Mujambule zithunzi musanakhudze chilichonse.

Fomani wa ntchitoyi: Zikomo nonse. Lero tayeza, ndipo tapeza kuti simenti ya panja ili pamwamba pa pansi pa sitolo ndi masentimita 15, komanso paipi ya padenga inaduka ndipo imathira madzi patsinde penipeni pa khoma. Eni nyumba anayamba adandaula za nthawi, koma nditawagwiritsa dothi lonyowalo m'manja anavomera. Mawa tikumba ngalande ndi kulumikiza paipi, kenako tisiya njerwa za khomalo pamtunda kuti ziume tisanapake laimu. Agogo, ndikufunsani za mchenga ukangofika.